Agogo Kupezeka Panja Usiku Sikuti Ndi Mfiti

Ndatopa nayo nkhani imeneyi. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva kuti agogo akapezeka pakhomo pa eni mbandakucha, ali mbulanda, akulankhula zosamveka, ndiye kuti agwa pa ndege ya ufiti.

Achipatala amadziwa matenda otchedwa dementia, owononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer's. Agogo amaiwala dzina la mdzukulu amene anamulera okha, amathira mchere mu tiyi, amatuluka usiku kukafuna makolo awo omwe anamwalira kalekale. Kwa odwala ambiri kusokonezekaku kumakula dzuwa likamalowa, n'chifukwa chake amasochera mumdima. Gulu likawazungulira n'kuwafunsa mwaukali kuti "Ndinu mfiti?" akhoza kungovomera, poti funsolo sakulimvetsa n'komwe.

Si ukalamba wokha ayi. Nkhalamba zambiri zimafika zaka 90 mutu ukugwira bwinobwino.

Musafalitse pa WhatsApp nkhani yomwe simunaitsimikize. Funsani achibale kuti kuiwalako kunayamba liti, ndipo agogowo apite nawo kuchipatala. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi nthawi zina kumachokera ku malungo, kutsika kwa shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo akalandira mankhwala nzeru zimabwerera.