Dzina la banja lokha silingakupezereni makolo anu a ku Madeira kapena Azores

Anthu ambiri akamafufuza makolo awo ochokera ku zilumba za Portugal amangoganiza kuti ukadziwa dzina la banja basi ntchito yatha, ungolemba Pereira kapena Freitas pa intaneti ndiye mtundu wonse utulukira. Ayi ndithu, sizimayenda choncho.

Kale kuzilumbako dzina silinkatsata bambo nthawi zonse. Ana a mimba imodzi, wina ankatha kutenga la bambo, wina la mayi, wina la agogo, ndipo akazi ambiri analibe n'komwe dzina la banja, ankangotchedwa Maria de Jesus kapena Ana da Conceição, mayina achipembedzo. Ndiye tangoganizani a Maria de Jesus analipo angati mmudzi umodzi! Enanso atafika ku America, ku New Bedford kapena Hawaii, Pereira anasanduka Perry, Rodrigues nkukhala Rogers.

Chimene chimathandiza kwenikweni ndi parishi imene munthuyo anabadwira, pa Chipwitikizi amati freguesia. Boma linakhwimitsa zolembetsa anthu ku maofesi ake mu 1911, zambiri zam'mbuyo zili m'mabuku a ansembe, ubatizo, ukwati, maliro. Pa ubatizo mwana ankalembedwa dzina loyamba lokha, João basi, kenako makolo ake, kawirikawiri agogo, ndi omuimirira pa ubatizo. Mumatsata mayina onsewa pamodzi, osati limodzi.

Choncho ngati agogo anu ali m'gulu la anthu ambiri a ku Madeira amene anakhazikika ku Johannesburg, afunseni msanga dzina la mudzi wawo akadalipo. Mabuku a Madeira amasungidwa ku Funchal, mzinda waukulu wa ku Madeirako, ndipo a ku Azores ambiri anajambulidwa, mutha kuwawerenga pa intaneti mwaulere, kungoti zolemba za ansembe akalewo zimafuna kufatsa.