Mukufuna kukasaka elk ku Colorado? Nkhani yake imayambira mu March

Anthu ambiri akamandifunsa za kusaka elk amayambira pa mfuti, kuti ndigule iti, ya chipolopolo chanji, ndipo amafunsa mu September ataona mavidiyo pa YouTube. Pofika nthawi imeneyo abale anga malaisensi abwino a chaka chimenecho anagawidwa kalekale. Ine ntchito yanga ndi yoperekeza alenje kumapiri a Colorado komanso kuwathandiza mafomu, ndiye ndifotokoze mmene zimayendera kuti amene muli kuno ku America, kapena mukuganiza zobwera, musataye ndalama ndi chaka chathunthu.

Kwa amene simunaionepo, elk ndi nyama ya m'gulu la agwape koma yaikulu zedi, nkhunzi yake imafika makilo 300 mpaka kupitirira, yaikazi cha m'ma 220. Nyanga zimamera pa nkhunzi zokha, za mphandamphanda, ndipo zimagwa chaka ndi chaka n'kumeranso zina. Colorado ndiye state yomwe ili ndi ma elk ambiri mu America monse, pafupifupi 300,000. Koma musaone kuchuluka kwa leroku, cha m'ma 1910 anatsala osapitirira 1,000 mu state yonse chifukwa anthu ankangopha mmene afunira n'kumagulitsa nyamayo. Anabwerera chifukwa cha malamulo okhwima, kusamutsa ena kuchokera ku Wyoming, ndi ndalama za alenje eni ake, za malaisensi komanso msonkho wa 11 peresenti pa mfuti ndi zipolopolo umene lamulo la Pittman-Robertson la 1937 linauloza ku ntchito yosamalira nyama. Ndiye mafomu akamakutopetsani dziwani kuti anachokera pamenepo, ine sindidandaula nawo ngakhale pang'ono.

Laisensi siichokera ku boma lalikulu ku Washington, state iliyonse ili ndi zake. Kuno oyang'anira ndi a Colorado Parks and Wildlife, timangoti CPW. State anaidula m'zigawo zokhala ndi manambala zomwe timati mayuniti, nyengo yozizira amauluka ndi helikopita kuwerenga nyama, kenako amaika kuti yuniti iyi chaka chino tipereka malaisensi angapo a nkhunzi, angapo a zazikazi. Ofuna amachuluka kuposa malaisensiwo ndiye pamachitika mayere, amene aliyense amangowatchula kuti draw. Mafomu amatsegula pa 1 March ndipo amatseka Lachiwiri loyamba la April, zonse pa intaneti, zotsatira zimatuluka kumapeto kwa May. Mukaphonya pamenepo pali draw yachiwiri pakati pa chaka, kenako zotsalira amazigulitsa kumayambiriro kwa August, koma izi ndi zimene anzanu azisiya.

Musanagwire fomuyo pali zinthu zitatu. Setifiketi ya maphunziro a ulenje, hunter education, yofunika kwa aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 1949, ndiye pafupifupi tonse. Iyi chitani mu January kapena February chifukwa makalasi amadzaza deti ikayandikira. Kenako mugule kaye laisensi ina yaing'ono, mwachitsanzo ya tinyama ting'onoting'ono, popanda imeneyo kompyuta siikulolani kulowa draw ngakhale mulibe cholinga chosaka kalulu. Chomaliza ndi habitat stamp, chiphaso cholipira chothandizira kusamalira malo okhala nyama, kwa a zaka 18 mpaka 64.

Pafomupo simulemba kuti ndikufuna elk basi, mumalemba hunt code, ndipo apa ndi pamene anthu amadzivulaza okha. Imaoneka chonchi, E-F-011-O1-R. E woyambayo ndi elk. Chilembo chachiwiri ndi mtundu wa nyama, F yaikazi, M nkhunzi, E iliyonse mwa ziwirizi. Manambala atatuwo ndi yuniti. O1 ndi sizoni yoyamba, ndipo ameneyo ndi chilembo O osati ziro. R wakumapetoyo ndi mfuti, akakhala A ndi uta, akakhala M ndi mfuti yothira onga kukamwa ija, gogodela. Tsopano onetsetsani, pamalo pa O pakakhala P ndiye kuti laisensiyo imagwira pa malo a anthu okha, osati a boma. Munthu amaona kuti code iyi ndi yosavuta kupambana, amasangalala, laisensi yabwera, kenako n'kuzindikira kuti alibe mwini famu aliyense womulola kulowa. Code muzikopera kuchokera mu kabuku ka CPW ka nyama zikuluzikulu (big game) ka chaka chomwecho, osati ka chaka chatha, osati pa zimene wina analemba pa Facebook.

Mumaloledwa kusankha ma code anayi koma mapointi amagwira pa choyamba chokha. Mukalephera chisankho choyamba amakupatsani pointi imodzi, chaka chamawa muli patsogolo pa amene alibe, mukapambana mapointi onse amabwerera pa ziro. Zimamveka zachilungamo eti, dikirani nthawi yanu ikwana. Vuto ndi loti mayuniti otchuka ngati 2, 10 ndi 201 kumpoto chakumadzulo amafuna mapointi a zaka zoposa 20, ndipo nambala yofunikayo imakwerabe chifukwa odikira ndi ambiri kuposa malaisensi, ndiye inu mukamawonjezera imodzi mzere nawo ukusunthira kutsogolo. Zimandimvetsa chisoni kuona bambo amene wasunga mapointi zaka zonsezo, laisensi yatuluka mawondo atatha, komanso sanasakepo elk chiyambire ndiye sadziwa pomwe angayambire. Langizo langa kwa oyamba ndi ili, musasungire maloto. Pali code yongotengera pointi, E-P-999-99-P, ikani imeneyo poyamba, pachiwiri ikani code yomwe chaka chatha malaisensi ake anafika mpaka kwa a chisankho chachiwiri. Mukatero mwapeza pointi komanso mwina mukasaka chaka chomwecho. CPW imaika pa webusaiti yake malipoti a draw ndi a nyama zophedwa yuniti iliyonse, aulere, khalani nawo pansi madzulo angapo. Ndipo ndinene mosabisa, chaka choyamba funsirani yaikazi. N'zambiri, laisensi yake imapezeka msanga, nyama yake ndi yofewa, ndipo muphunzira phirilo. Dziwaninso kuti CPW yakonza zosintha kachitidwe ka draw kuyambira 2028, ndiye wosunga mapointi aziwerenga kabuku chaka chilichonse.

Za ndalama, pali kusiyana kwakukulu pakati pa wokhala mu Colorado ndi wochokera kwina. Wokhala momwemo laisensi ya elk siifika madola 100, wobwera amalipira cha m'ma madola 800, ndipo pa draw obwera amagawana kotala ya malaisensi kapena kucheperapo. Kuti muwerengedwe wa konkuno muyenera kukhala mutakhalamo miyezi 6 yotsatizana. Osanama pamenepa chonde, kugwiritsa adiresi ya msuweni wanu wa ku Denver inu mukukhala ku Texas ndi mlandu.

Abale amene muli pa visa ya kanthawi, ya sukulu kapena yodzacheza, mvetserani apa. Lamulo la dziko lonse limakuletsani kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, koma mwa zifukwa zochepa zomwe limalola, chimodzi ndi kukhala ndi laisensi yosakira yomwe ikugwira ntchito yochokera ku state ina iliyonse. Ndiye laisensi iyambe, mfuti pambuyo, osatembenuza, ndipo ikatha mphamvu chilolezocho chatheranso pomwepo. Wobwera ndi mfuti yake kuchokera kunja amafunika Form 6NIA ya ku ATF, bungwe la boma loona za mfuti, ndipo imatenga nthawi. A green card lamulo ili silikukhudzani.

Ma state ena ndingodutsamo. Wyoming obwera amafunsira mu January, ndipo m'malo otetezedwa opanda misewu otchedwa wilderness sulowa kukasaka wopanda gaidi kapena mnzako wokhala mu state momwemo. Arizona ndi February. New Mexico ndi March ndipo kulibe mapointi, aliyense amayamba chimodzimodzi chaka chilichonse, Idaho nayonso ilibe mapointi. Montana ndi 1 April.

Sizoni mumasankha nthawi yomweyo ya fomu ndiye muidziwe. Ya uta ndi September, kuyambira pa 2 mpaka pa 30, nthawi yomwe nkhunzi zikulimbirana zazikazi, zimalira mokweza ngati mluzu wautali wothera ndi kubuula ndipo ukhoza kuziitana zikubwerera pafupi. N'kokoma kwambiri koma uta umafuna ufike pafupi zedi, ndipo kuyambira 2025 obwera sagulanso laisensi ya uta pa kauntala m'mayuniti a kumadzulo kwa msewu wa I-25, nawo ndi draw basi. Gogodela ndi pakati pa September. Za mfuti zilipo zinayi kuyambira pakati pa October mpaka kumapeto kwa November. Yachiwiri ndi yachitatu m'mayuniti ambiri laisensi ya nkhunzi mumangogula osadikira draw, n'chifukwa chake anthu amadzaza ngati kumsika ndipo ambiri amabwerera chimanjamanja. Ndi mfuti muyenera kuvala olenji kapena pinki wowala, masikweya inchi 500 kumtunda kwa chiuno kuphatikiza chipewa chooneka mbali zonse. Kukula kwa chipolopolo cha mfuti (caliber) kusachepere .24, kulemera kwake kusachepere ma grain 85, kuwombera ndi kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke mpaka theka la ola litalowa. M'mayuniti ambiri nkhunzi yololedwa ndi ya nsonga zinayi pa nyanga imodzi kapena yomwe nsonga yake yapamphumi yafika mainchi 5, ndiye werengani ndi mabainokyula musanakhudze chala. Kupha mozemba nkhunzi ya nsonga 6 pa nyanga imodzi kuli ndi chindapusa choonjezera cha madola 10,000, lamulo lomwe linabwera ataphedwa Samson, nkhunzi yotchuka ya ku Estes Park, mu 1995.

Malo osakako ambiri ndi a boma, nkhalango za National Forest ndi malo a BLM, bungwe loyang'anira malo a boma, monga White River National Forest, aliyense wa laisensi amalowa. Koma asakanikirana ndi a anthu, ndipo ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kuika mpanda kapena chikwangwani, udindo wodziwa malire ndi wanu. Ikani mapu ngati a onX pafoni, muwasunge kuti azigwira popanda netiweki chifukwa kumtundako kulibe. Kumtunda kwake si kwamasewera, mu September ndi October ma elk amapezeka mamita 2,500 mpaka 3,500, ndiye ganizani kuti Sapitwa ndi mamita 3,002, inu tenti mwamanga pamtunda ngati umenewo ndipo mmawa uliwonse mukukwerabe ndi chikwama kumsana. Mpweya ndi wochepa, mutu umapweteka, tulo timavuta. Fikani masiku awiri kapena atatu sizoni isanayambe, imwani madzi kwambiri, mowa usiyeni. Miyezi ya m'mbuyomo yendani mitunda ndi katundu, nsapato zatsopano muzizolowere kunyumba.

Pa kusaka kwenikweniko ndinene chimodzi chokha, mphepo. Elk ikakuona mwina iima kaye, koma ikamva fungo lako yapita ndi gulu lonse. Mmamawa mpweya wozizira umatsika phiri, dzuwa likatentha umakwera, madzulo umatsikanso, ndiye mmawa uzizifikira kuchokera mmunsi, masana kuchokera kumtunda. Timayenda ndi kabotolo ka ufa woyera, ukafinya umaona kumene ukulowera, ndipo timafinya pafupipafupi.

Tsopano nyama yagwa, apa ndiye pali ntchito imene anthu saiganizira podzaza fomu. Choyamba sainani tag, kachikalata komangirira pa nyama yophedwa, muidule ku laisensi nthawi yomweyo. Elk simungaikoke, simungainyamule, kungoitembenuza kokha pamalo otsetsereka kumafuna anthu awiri. Mumasendera pomwepo, nthawi zambiri ndi tochi wapamutu chifukwa zimakonda kugwa madzulo. Chikopa chichoke msanga, n'chokhuthala ndipo chimasunga kutentha, nyama imayamba kuwola kuchokera mkati pafupi ndi fupa la m'chiuno ndi m'khosi ngakhale kunja kukuzizira. Mumachotsa miyendo inayi, minofu iwiri yaitali yamsana ndi timinofu tofewa tamkati, izi lamulo limati musasiye, ndipo kutenga nyanga zokha n'kusiya nyama ndi mlandu waukulu wa felony. Chizindikiro choti inali yamphongo kapena yaikazi chitsale cholumikizika ku mwendo umodzi, musachidule. Zonse mumaika m'matumba ansalu opita mpweya, osati apulasitiki, n'kupachika mumthunzi patali ndi matumbo chifukwa zimbalangondo zimabwera. Mwendo umodzi wakumbuyo wa nkhunzi umatha kulemera makilo 30, ndiye munthu mmodzi ndi maulendo anayi kapena asanu. Ngati mwapha makilomita 6 kuchokera pagalimoto werengani nokha kupita ndi kubwera, ndipo mu wilderness galimoto ngakhale njinga siziloledwa, ndi miyendo kapena mahatchi basi. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti posankha yuniti ajambule pamapu mtunda womwe angathe kusenza nyama kusanatenthe, asasake kupyola pamenepo, ndipo apite ndi mnzake. Ngati mukudalira wa mahatchi gwirizanani naye musanakwere phiri. Mugalimoto musiye mabokosi oziziritsira (makula) akuluakulu awiri odzaza ayezi.

Nyamayi kugulitsa n'koletsedwa, mukhoza kudya kapena kugawa. Musanagawe ganizirani za CWD, matenda a ubongo a nyama za mtunduwu amene anayamba kuoneka mu 1967 ku Fort Collins konkuno. CPW imayeza mukawapititsira mutu, m'mayuniti ena kuyezetsa kumakhala kokakamiza, ndipo a zaumoyo amati nyama yopezeka nawo isadyedwe. Ndiye ikani mufiriji, lembani pamapaketi, dikirani zotsatira. Ngati mukubwerera ku state ina funsani malamulo a kumeneko musananyamuke, ambiri salola kulowetsa ubongo ndi fupa lamsana, ndiye nyama muichotse mafupa ndipo chigaza cha nyanga muchitsuke chiyere musanadutse malire.