Kolera sadikira kuti kunja kuche

Ndatopa nawo mawu akuti "timati tiyambe taona." Pa zaka zimene ndagwira ntchito yachipatala m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, mawuwa ndawamva kwa anthu obweretsa wodwala maso atalowa kale m'kati, khungu ukalitsina osabwerera, mitsempha itafota moti poika diripi pamasowa. Kolera amatha kupha munthu wamphamvu zake m'maola ochepa, ndipo chimene chimapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi.

Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unandisiyira nkhani imodzi imene imandivutitsabe. Msodzi wina wachinyamata anayamba kutsegula m'mimba madzulo ali padoko, chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga. Anzake anamugulira makapusozi pa okala, ndipo anamumana madzi akumwa poganiza kuti akamwa kutsegulako kuwonjezeka. Pakati pa usiku anapita naye kwa munthu wina wobaya jakisoni m'mudzi, amene analandira ndalama n'kuwauza kuti akagone. Anafika naye kwa ife kutacha, pa kabaza, mmodzi atamugwirira kumbuyo, ndipo anamwalira tisanamalize botolo loyamba la diripi. Nditamufunsa mkulu wake chimene chinawachedwetsa, anandiuza kuti ankaopa kuti akafera kuchipatala sitiwapatsa mtembo kuti ausambitse ndi kuuika monga mwa chipembedzo chawo.

Yankho limeneli linandionetsa kuti nafenso a zaumoyo tinali ndi mlandu. Tinabwera ndi matenti, klorini ndi malamulo a kaikidwe ka maliro, koma tisanakhale pansi ndi a nyakwawa, a shehe, abusa ndi akuluakulu a padoko kuti timve chimene anthu akuopa. Mphekesera zoti achipatala ndiwo akufalitsa matendawa zinakula pamene ife tinkalankhula tokha. M'midzi imene pambuyo pake tinagwirizana ndi atsogoleriwa kuti mapemphero achitike, achibale aone nkhope, ogwira mtembo avale magolovesi ndi kusamba m'manja ndi madzi a klorini, komanso kuti pamaliro pasaphikidwe chakudya, odwala anayamba kubwera msanga. Kampeni ya Tithetse Kolera imene boma linakhazikitsa mu Febuluwale 2023 inatsamira pa mfundo yomweyi, ndipo ine ndikanakonda tikanayamba motero mvula isanagwe. Chipatala chimalimba pamene mlangizi wa zaumoyo kapena komiti ya zaumoyo ya m'mudzi yamva za wodwala woyamba tsiku lomwelo, chitsime n'kuthiridwa mankhwala anthu khumi asanamwepo.

Tsono ndikupempheni, abale anga a m'madoko ndi m'midzi. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, musamumane madzi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo azimwa pang'onopang'ono njira yonse, ngakhale akusanza. Thanzi akasowa, thirani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Makapusozi a pa okala sabwezeretsa madzi, jakisoni wa m'mudzi sabwezeretsa madzi, ndipo mizu yowawa imene ena amamwetsa wodwala imangowonjezera kusanza. Amene akukuuzani kuti mudikire mpaka m'mawa akukutayitsani maola amene ife timawafuna kuti timupulumutse munthuyo. Chithandizo cha kolera m'zipatala za boma n'chaulere, ndipo odwala timawalandira usiku womwewo, kaya ndi 2 koloko m'bandakucha.