ADMARC ndi chimanga chomwe chidatha m'nkhokwe za ku Kanengo

Chaka chilichonse nthawi yokolola ikafika, mkangano wa ADMARC umadzukanso. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, alimi amadikira kuti masikelo afike m'misika ya bungweli, ndalama zogulira zimachedwa, ndipo pomwe zikutuluka mavenda amakhala atasesa kale m'midzi pa mtengo wawowawo. Ikafika Januwale, mlimi yemwe uja amakafola pa depoti kudikira makilogalamu ochepa omwe munthu mmodzi akuloledwa kugula. Mu 2022, pomwe nduna ya zamalimidwe anali a Lobin Lowe, boma lidatseka bungweli kwa kanthawi ndipo antchito pafupifupi 4,000 adachotsedwa, nkhani yomwe idakafika mpaka kukhoti. Ena amati bungweli lingothetsedwa chifukwa limangodya misonkho ya anthu. Ena amati popanda ADMARC mlimi wa kutali ndi tala alibe pogwira. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, koma mkanganowu sungamveke bwino popanda kubwerera ku zomwe zidachitika pakati pa 1999 ndi 2002.

Za chiyambi tingodutsamo msanga. Mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti izilamulira malonda a fodya wa alimi a m'midzi, makamaka m'chigawo chapakati. Padabweranso mabungwe ena oyang'anira thonje ndi chimanga, ndipo onsewa adawaphatikiza mu 1956. Mu 1962 bungwe lophatikizalo lidakhala Farmers Marketing Board, kenako mu 1971 ndi pomwe padabadwa ADMARC. Mayina ankasintha koma dongosolo lidali lomwelo: wogula mmodzi, mtengo wonenedwa ndi boma.

Anthu omwe adakula m'zaka za m'ma 1970 amakumbukira ADMARC ndi mtima wabwino, ndipo sakunama. Msika udali pafupi, ndalama ankalipira pompopompo, feteleza ndi mbewu zinkapezeka pamalo omwewo, ndipo mtengo wa chimanga udali umodzi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Koma akatswiri awiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, atafufuza mabuku a bungweli adalemba mu 1982 kuti mlimi ankalandira kagawo kochepa chabe ka ndalama zomwe fodya, mtedza ndi thonje lake zinkapeza pa msika wa kunja. Phindu lotsalalo lambiri linkapita ku maesiteti ndi ku makampani, ndipo Press Holdings ya Dr. Hastings Kamuzu Banda idali patsogolo pa obwereka ndalama za ADMARC. Mlimi wa m'mudzi yemwe thukuta lake linkamanga maesitetiwo sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Ine ndimaona kuti zokumbukira za akuluakulu ndi ziwerengero za akatswiriwa sizikutsutsana. Mlimi ankalipira yekha msika wapafupi uja kudzera mu mtengo wotsika, ndipo ankalipiranso zina zambiri zomwe sadazione.

Chuma chitavuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Malawi idatenga ngongole yake yoyamba yosinthira kayendetsedwe ka chuma ku World Bank mu 1981. Mu 1987 lamulo lidalola amalonda wamba kugula mbewu zambiri kwa alimi, ndipo ADMARC idatseka misika ing'onoing'ono yomwe inkagula mbewu zochepa. Phindu la fodya ndi mtedza lomwe linkakwirira zoluza za chimanga lidayamba kuuma, koma udindo wogulitsa chimanga motchipa m'miyezi ya njala udatsalabe pa mapewa a bungweli.

Tifike pa nkhokwe. Ku Kanengo mu Lilongwe kuli nkhokwe zikuluzikulu za simenti zomwe zidamangidwa nthawi ya Kamuzu, zotha kusunga matani pafupifupi 180,000 a chimanga chodikirira tsoka. Kwa zaka zambiri ADMARC ndiyo inkaziyang'anira. Mu 1999, potsatira malangizo a mabungwe obwereketsa ndalama ndi maiko othandiza, boma lidakhazikitsa National Food Reserve Agency, NFRA, kuti chimanga cha tsoka chisamasakanikirane ndi malonda a ADMARC. Ganizoli palokha silidali loipa. Vuto lidali lakuti bungwe latsopanoli silidapatsidwe mpamba. Kuti ligule chimanga chokwana matani 167,000, lidakabwereka kumabanki pa chiwongoladzanja choposa 50 peresenti pachaka, ndipo pofika pakati pa 2000 ngongoleyo idali itafika pafupifupi K1 biliyoni. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti zinthu zidakhotera. Chimanga chosungira njala sichibweretsa phindu. Chimafuna mankhwala, alonda ndi kuchisinthanitsa chikakalamba. Kuchigula ndi ngongole ya katapira yotere kudali kulamuliratu kuti tsiku lina chidzagulitsidwe pofuna kubweza ngongoleyo.

Nthawi imeneyo dziko lidali pa mtendere wa chakudya. Sitata paki, kathumba ka feteleza ndi mbewu kaulere komwe kadayamba mu 1998, kankafika ku mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni, ndipo mu 2000 dziko lidakolola chimanga chokwana matani pafupifupi 2.5 miliyoni. Poona zimenezi, IMF, bungwe lobwereketsa ndalama kumaiko, idalangiza boma kuti lichepetse chimanga cha m'nkhokwe kufika pa matani 60,000 ndi kubweza ngongole ndi ndalama zogulitsa chotsalacho. Chaka chomwecho sitata paki idadulidwa, n'kukhala ya mabanja osankhidwa okha, pafupifupi 1.5 miliyoni. Kenako kumayambiriro kwa 2001 mvula idagwa yoposa muyeso, minda idamira m'maboma ambiri, ndipo zokolola zidatsika kufika pa matani pafupifupi 1.7 miliyoni. Pomwe boma limati litsegule nkhokwe, mudalibe matani 60,000 aja. Pafupifupi chonse chidali chitagulitsidwa.

Apa magwero a nkhaniyi amasiyana, ndipo ndi bwino kuwamva onse. Pulezidenti Bakili Muluzi ndi akuluakulu a boma lake adati IMF ndiyo idawakakamiza kugulitsa chimangacho. IMF, m'chikalata chomwe idatulutsa mu 2002, idati idangonena za kuchepetsa osati kukokolola, ndipo idati chiwerengero cha matani 30,000 mpaka 60,000 chidachokera mu kafukufuku yemwe adalipiridwa ndi European Union. Mkulu wa IMF panthawiyo, Horst Köhler, adauza aphungu a ku Britain kuti malangizowo adali a World Bank ndi European Union. Stephen Devereux wa ku Institute of Development Studies ku Britain, yemwe mu 2002 adafufuza njala yomwe idatsatirapo, adapeza kuti mbali zonse zidali ndi mlandu wake. Kwa ine kafukufuku wake ndi wodalirika kuposa zonena za boma kapena za IMF, pachifukwa chakuti iye adalibe chodziteteza nacho. Zoti IMF idalamula kuti nkhokwe zitsale mbee zilibe umboni. Koma zoti idaona nkhokwe ngati ngongole yofunika kuichotsa m'mabuku, osaganizira mokwanira kuti chaka chimodzi cha mvula yoipa chingachite zotani, zimenezo chikalata chake chomwe sichikuzikana. Mayi aliyense wa pamudzi amadziwa kuti nkhokwe siigulitsidwa chimanga cha m'munda chisanakhwime.

Funso lowawa ndi lakuti chimangacho adagula ndani. China chidatumizidwa kunja, ku Kenya ndi ku Mozambique. Chambiri chidagulidwa konkuno. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB ndi ofesi ya mkulu wolondoloza ndalama za boma adafufuza, ndipo malipoti awo adasonyeza kuti ena mwa ogulawo adali andale ndi anthu oyandikana nawo, ena adatenga pangongole osalipira, komanso kuti zolembera za katundu wotuluka m'nkhokwe zidali zosalongosoka. ADMARC, yomwe idali ikusungabe chimangacho m'malo mwa NFRA, idatchulidwa kwambiri m'malipotiwo. Ziwerengero za m'malipoti osiyanasiyana sizigwirizana ndendende, ndipo ndi chifukwa chake mpaka lero aliyense amatola yomwe ikumukomera. Chomwe palibe amachitsutsa ndi mtengo. Chimanga chomwe chinkagulidwa pafupifupi K4 pa kilogalamu itangotha nyengo yokolola mu 2001 chidafika K40 m'misika ina pofika Januwale 2002. Yemwe adagula motchipa ku nkhokwe n'kusunga miyezi ingapo adapha makwacha ochuluka, ndipo ndalamazo zidachokera m'matumba a anthu omwe ankagulitsa mbuzi, njinga ndi ziwiya za m'nyumba pa mtengo wotaya.

Padalinso zina zomwe zidachedwetsa thandizo. Unduna wa zamalimidwe udalengeza ziwerengero zapamwamba kwambiri za chinangwa ndi mbatata, moti ambiri adakhulupirira kuti anthu ali ndi chakudya china, akungokakamira nsima. Bungwe la Save the Children lidachenjeza kumapeto kwa 2001 kuti ku Mchinji ndi ku Salima zinthu zafika poipa, koma silidamvedwe msanga. Maiko othandiza adali atakwiya ndi nkhani za katangale, kuphatikizapo ya chimangayi, ndipo ena adali ataimika thandizo la bajeti. Denmark idafika potseka ofesi yake ya kazembe. Boma lidaitanitsa matani 150,000 kuchokera kunja, makamaka ku South Africa, koma chimangacho chinkalowa pang'onopang'ono chifukwa cha mavuto a njanji ndi madoko, ndipo chitafika ADMARC idachigulitsa pa K17 pa kilogalamu, kuchoka pa K5. Ansembe a Katolika ndi mabungwe omwe si aboma ndiwo adakuwa mpaka Muluzi adalengeza pa 27 Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Apo n'kuti anthu akudya madeya, zitsinde za nthochi ndi mizu ya m'tchire, kolera ikupha, ndipo ogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'minda ankamenyedwa mwankhanza, ena mpaka kufa. Ziwerengero za boma zinkanena za anthu mazana angapo omwe adamwalira ndi njala. Mayina omwe mabungwe ndi mipingo adasonkhanitsa ankaloza pakati pa 1,000 ndi 3,000. Poganizira kuti imfa zambiri za kumudzi sizilembedwa paliponse, ine ndimakhulupirira kwambiri mipingo.

Munthu angayembekezere kuti njala itatha, funso loyamba likadakhala lakuti ndani azilipira ntchito yosunga ndi kugawa chimanga kumadera komwe wamalonda sangapite. M'malo mwake, kumapeto kwa Disembala 2003 aphungu adaitanidwa mwadzidzidzi kukathetsa lamulo lomwe lidakhazikitsa ADMARC, ndipo bungweli lidasanduka kampani, ngakhale mwini wake adakhalabe boma. Mabungwe omwe si aboma adatsutsa kwambiri. Chochititsa chidwi n'chakuti kafukufuku yemwe World Bank yomwe idachititsa nthawi imeneyo adapeza kuti kumadera akutali ndi misewu, mabanja okhala pafupi ndi msika wa ADMARC ankapeza bwino kusiyana ndi omwe adalibe msikawo, pomwe kufupi ndi matauni kusiyanako kudali kochepa. Kampani yatsopanoyo idauzidwa kuti izipanga phindu, koma isatseke misika yoluza, ndipo mtengo wogulira ndi wogulitsira uzichokerabe ku boma.

Zotsatira zake zidaoneka bwino mu 2016. Kutagwa chilala, ADMARC idabwereka ndalama kumabanki kuti igule chimanga, kuphatikizapo mgwirizano wa matani 100,000 ochokera ku Zambia womwe udabala mkangano waukulu. Komiti yofufuza yomwe adaitsogolera mayi Anastasia Msosa, omwe adakhalapo mkulu wa makhoti, idapeza zolakwika pa kagulidweko; nduna ya zamalimidwe, a George Chaponda, adachotsedwa mu Febuluwale 2017, ndipo khoti lidawapeza osalakwa mu 2018. Chimanga chomwe ADMARC idagula modula inkachigulitsa K12,500 pa thumba la makilogalamu 50, anthu n'kumakagula kwa mavenda omwe adali otchipirapo. Mu 2017 zokolola zidachuluka, mitengo idagwa, boma lidachedwa kuchotsa chiletso chotumiza chimanga kunja, ndipo kampaniyo idatsala ndi milu ya matumba komanso ngongole yomwe sikadatha kubweza. Boma lidatenga ndalama pafupifupi K45 biliyoni m'thumba la misonkho kukalipira mabankiwo, m'chaka chomwe alimi ambiri adagulitsa chimanga chawo pa mtengo wosabweza ngakhale ndalama ya feteleza.