Inali galimoto kapena anali Michèle Mouton?

Okonda mipikisano ya magalimoto akayamba kukumbutsana za chaka cha 1982, pamabuka mkangano umene sunathebe mpaka lero. Ena amati Michèle Mouton, dalaivala wamkazi wa ku France, ankapambana chifukwa cha galimoto yake, Audi Quattro, imene inkakoka ndi matayala onse anayi pamene anzake ambiri ankadalira awiri akumbuyo okha. Ine zimenezo ndimazikana. Hannu Mikkola, katswiri wa ku Finland, ankayendetsa Quattro yomweyo m'timu yomweyo, koma pa mpikisano wa dziko lonse wa chakacho anathera pa nambala 3, kumbuyo kwa mayiyu.

Mouton anabadwa mu 1951 ku Grasse, tauni ya kumwera kwa France yotchuka ndi mafuta onunkhira, ndipo makolo ake ankalima maluwa. Mu rally, mpikisano wothamangitsa magalimoto m'misewu osati m'bwalo, analowa ngati wokhala pambali pa dalaivala, uja amagwira kabuku pamiyendo n'kumauza mnzake kuti kutsogoloku kuli kona yakuthwa, tsika liwiro. Bambo ake, a Pierre, sizinawasangalatse kuti moyo wa mwana wawo uzikhala m'manja mwa munthu wina, choncho anamugulira Alpine A110 kuti chiwongolero azigwira yekha.

Amene amatamanda Quattro amaiwala zaka zimene zinatsatira. Mu 1975 Mouton ndi akazi anzake awiri anapambana m'gulu la magalimoto a injini ya malita awiri pa mpikisano wa Le Mans, kumene amazungulira bwalo usana ndi usiku kwa maola 24. Mu 1978 anapambana Tour de France ya magalimoto ndi Fiat 131 Abarth, yokoka ndi matayala akumbuyo basi. A Audi pomulemba ntchito ankadziwa munthu amene akutenga. Mu 1981 ku Sanremo, dziko la Italy, iye ndi womuwerengera njira Fabrizia Pons anaposa amuna onse. Mpaka pano palibe dalaivala wina wamkazi amene wapambanapo gawo la mpikisano wa rally wa dziko lonse.

Mu 1982 anapambana ku Portugal, ku Greece ndi ku Brazil, ndipo amene anatsala kutsogolo kwake pamapointi anali Walter Röhrl wa ku Germany yekha, woyendetsa Opel Ascona 400. Nkhani yonse inakathera kuno ku Africa, ku Côte d'Ivoire, pa ulendo wa makilomita pafupifupi 5,000 m'misewu yafumbi ndi yamatope, kutentha kuli kosaneneka.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa ndikamakumbukira mbiriyi. Mpikisano utatsala pang'ono kuyamba, uthenga unafika woti bambo ake amwalira ndi khansa ku France. Bambo omwe aja anamugulira galimoto yoyamba. Iwo anali atasiya mawu akuti mwana wawo asabwerere, ayambe mpikisanowo. Mouton anavala chipewa, anamanga lamba, nanyamuka ndi chisoni chakecho. Pofika pakati pa ulendo anali atamusiya Röhrl ndi nthawi yoposa ola lathunthu. Kenaka galimoto ija anthu amaitamanda inayamba kuvuta, amakaniko n'kumataya nthawi akukonza, mpaka mpata wonse unatha. M'chigawo chomaliza, akuthamangitsa nthawi yotayikayo, anaphonya msewu ndipo galimoto inagubuduzika. Röhrl anapambana mpikisanowo ndi ukatswiri wa chakacho, Mouton n'kuthera pa nambala 2 pamapointi a chaka chonse. Komabe mapointi ake anathandiza Audi kutenga chikho cha makampani opanga magalimoto.

Sanasiyire pomwepo. Mu 1985 anakwera phiri la Pikes Peak ku America pa mphindi 11 ndi masekondi 25, nthawi imene panalibe anaifikapo. Mu 1986 anasamukira ku Peugeot n'kukhala katswiri wa rally m'dziko la Germany. Chaka chomwecho dalaivala Henri Toivonen ndi womuwerengera njira Sergio Cresto anafa pa ngozi mu rally ya ku Corsica, akuluakulu a masewerowa analetsa magalimoto amphamvu kwambiri a Group B, ndipo Mouton anasiya rally. Mu 1988 iye ndi Fredrik Johnsson anayambitsa mpikisano wa Race of Champions pokumbukira Toivonen. Kumeneko madalaivala amapikisana awiriawiri pa magalimoto ofanana ndendende.