Wodwala sitiroko asamangogona: uthenga kwa osamalira odwala pakhomo

Ndimagwira ntchito ya mafizo, ndipo ndalemba uthengawu chifukwa cha mawu amene ndimawamva kawirikawiri kuchokera kwa abale amene amabwera ndi odwala sitiroko nthawi itatha kale. Iwo amati, "Tinati ayambe apuma kaye, mphamvu zikabwerera ndiye tidzabwere nawo ku mafizo." Ndikudziwa kuti mawuwa amachokera m'chikondi, koma kudikira kumeneku kwalumalitsa anthu ambiri amene akanatha kuyendanso, chifukwa munthu amene ziwalo zake zafa ndi sitiroko sapeza mphamvu ali chigonere.

Sitiroko imachitika magazi akalephera kufika mbali ina ya ubongo, kaya chifukwa mtsempha watsekeka ndi magazi oundana, monga zimakhalira kwa odwala ambiri, kapena chifukwa mtsempha waphulika. Gwero lake lalikulu ndi kuthamanga kwa magazi, kenako shuga, fodya, mowa wambiri, mafuta ochuluka m'magazi ndi kugunda kosalongosoka kwa mtima. Bungwe la World Stroke Organization limati munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse a zaka zopitirira 25 adzadwala sitiroko nthawi ina pa moyo wake. Mukaona munthu kamwa yapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, kapenanso akulankhula zosamveka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, popeza mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni zizindikiro.

Zimenezi ambiri ayamba kuzimva. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zochitika wodwala akatuluka m'chipatala. Mbali ya ubongo imene yawonongeka siimeranso, koma mbali zotsala zimatha kuphunzira ntchito imene inkagwiridwa ndi mbali yowonongekayo, ndipo zimaphunzira pokhapokha munthu akamayesa mobwerezabwereza kukhala tsonga, kuimirira, kugwira kapu ndi kuponya phazi. Kuphunziraku kumafulumira kwambiri m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo pakadutsa miyezi 6 kumayenda pang'onopang'ono. Choncho banja limene lasunga wodwala m'chipinda miyezi itatu kuti apume, lataya nthawi imene thupi likanapindula nayo koposa.

Ndimakumbukira bambo wina wachikulire amene anabwera naye patatha miyezi inayi. Zala za dzanja lake lamanja zinali zitafumbata moti mkazi wake sankatha kuzitambasula kuti atsuke m'chikhatho, zikhadabo zinali zitayamba kulowa m'khungu, chigongono chinali chitakhota, ndipo pachidendene panali chilonda. Mayiwo anandiuza monyadira kuti mwamuna wawo sanagwirepo supuni chidwalireni, chifukwa amamudyetsa, kumusambitsa ndi kumuveka okha. Sindinawadzudzule, pakuti anali atatopa ndipo palibe amene anawalangiza, koma tinatha masabata ambiri tikulimbana ndi kuuma kwa dzanja kumene kukanapeweka.

Kugona nthawi yaitali kumabweretsa matenda akeake pamwamba pa sitiroko. Minofu imafota, ngakhale ya mbali yabwino, malo olumikizira mafupa amauma, zilonda zimatuluka pamatako, m'chiuno ndi pazidendene, makhololo amadzadza m'chifuwa n'kuyambitsa chibayo, ndipo magazi amatha kuundana m'mitsempha ya miyendo. Wodwala amene sangathe kutembenuka yekha atembenuzidwe maola awiri alionse, usiku womwe, ndipo khungu lake liziyang'aniridwa tsiku ndi tsiku.

Sindikunena kuti mumudzutse ndi kumuyendetsa tsiku lomwe wagwa. Tsiku loyamba ndi la madokotala, ndipo iwo ndi amene amanena kuti tsopano angayambe kudzuka, zomwe kwa odwala ambiri zimatheka patangopita masiku ochepa. Musanatuluke m'chipatala, pemphani kuonana ndi a mafizo kuti akuonetseni ndi manja kagonekedwe, kadzutsidwe ndi kayendetsedwe ka wodwala wanu, ndipo funsani tsiku lobwereranso. Kunyumba, wodwala azikhala pampando masana, azidya atakhala tsonga, ndipo chilichonse chimene angathe kuchita yekha, ngakhale mochedwa ndi motayikira, mumusiye achite. Muzimulankhula ndi kumupatsira zinthu kuchokera mbali yofookayo, chifukwa odwala ena amaiwala kuti mbali imeneyo ilipo. Katswiri wa ku America, Edward Taub, anaonetsa kuti dzanja lofooka likasiyidwa, ubongo umazolowera kusaligwiritsa ntchito ngakhale litakhala ndi kamphamvu kotsala, ndipo zimenezi timaziona kwa odwala amene amachitiridwa zonse.

Pali cholakwa china chimene ndiyenera kuchitchula mwamphamvu. Musamudzutse wodwala pomukoka dzanja lofooka kapena pomugwira m'khwapa, chifukwa minofu imene imagwira phewa imakhala itafooka ndipo fupa limatha kutsika pamalo pake, n'kusiya ululu umene umalepheretsa mafizo kwa miyezi. Akakhala pansi, mkonowo uzitsamira pa pilo, usamalendewere. Kutikita kokha, ngakhale kumamveka bwino, sikuphunzitsa dzanja kugwira, ndiye kusalowe m'malo mwa mafizo.

Bwererani kuchipatala msanga ngati wodwala akutsamwa kapena kutsokomola pomeza, watentha thupi, akupuma movutika, mwendo umodzi watupa ndipo ukuwawa, kapena zizindikiro za sitiroko zayambiranso. Mankhwala a BP ndi a shuga asalekedwe chifukwa choti akuoneka kuti akupeza bwino, popeza amene wadwalapo sitiroko ali pachiopsezo choti ikhoza kumugwiranso. Ngati muli ndi wodwala amene wagona kale miyezi yambiri, musanene kuti nthawi inatha, mubwere naye ku mafizo sabata ino kuti tiyese chimene chatsala, ndipo mutenge mankhwala onse amene akumwa pamodzi ndi makalata ake a kuchipatala.