Chinde, katauni komwe kanali khomo la Nyasaland

Masiku ano katundu wathu amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo ndi ochepa angaloze pamapu pamene pali Chinde. Komatu kwa zaka pafupifupi 30, nsalu, makalata, amishoni ngakhale abwanamkubwa obwera ku Nyasaland ankatsikira pakatauni kameneka, komwe kali m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, pomwe nthambi imodzi ya Zambezi imathira m'nyanja ya mchere.

Chinde asanatchuke, ulendo unali wa thukuta. Sitima inkasiya anthu ku Quelimane, iwo n'kukwera mabwato mumtsinje wa Kwakwa, kenako amtengatenga n'kusenza katundu pamutu mpaka ku Zambezi. Apwitikizi nawo sankagona pa msonkho. Mu 1889 Daniel Rankin, wofufuza malo wa ku Britain, anapeza kuti pamathiriro a Chinde sitima ikhoza kulowa mu Zambezi kuchokera kunyanja. Angelezi sanachedwe. Pangano lawo ndi Portugal la mu 1891 linawapatsa kamalo m'mbali mwa mtsinjewo kwa zaka 99, kuti katundu wa ku Nyasaland azitsitsidwa ndi kupakiridwa pamenepo popanda msonkho wa Apwitikizi.

Posakhalitsa panamera nyumba zamalata, mosungira katundu, positi ofesi ndi maofesi a makampani, kuphatikizapo African Lakes, ija tinkaitchula kuti Mandala. Sitima zikuluzikulu sizinkayerekeza kuyandikira chifukwa cha mchenga wa pamathiriro. Zinkaima patali, apaulendo n'kumalowetsedwa m'chidengu chachikulu chomangidwa kuchingwe, kulendewera m'malere, n'kutsitsidwira m'kasitima kakang'ono komwe mafunde akukavinitsa pansipo. Bwana wa kolala ndi mayi wa ku mishoni onse ankatsika chimodzimodzi. Kuchoka apo ankakwera sitima za mumtsinje, za chigudumu kumbuyo, zoyendera nkhuni, zomwe zinkakwera Zambezi ndi Shire kwa masiku angapo kukafika ku Chiromo, kapena kwa Katunga madzi akakhala ambiri.

Koma tauniyi inamangidwa pamchenga, ndipo madzi ankaudya chaka ndi chaka, moti malo a Angelezi aja ankangocheperachepera. Kumtunda nako Shire anayamba kuphwa, sitima n'kumatitimira. Njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inafika ku Blantyre mu 1908, kenako anaitalikitsa kutsikira ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Chaka cha 1922 ndiye chinabwera ndi mikwingwirima iwiri: namondwe anagumula nyumba ndi kumiza sitima ku Chinde, ndipo njanji yochokera ku Beira inafika ku Zambezi. Angelezi anasamuka. Mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima ya pamtunda inayamba kuwoloka yokha, Chinde n'kutsala padera.

Chomwe chinaigwiriziza kwa kanthawi ndi shuga wa kampani ya Sena Sugar, wochokera ku Luabo ndi Marromeu, mpaka nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inasokoneza mindayo. Lero anthu kumeneko amadalira nsomba, mpunga ndi kokonati, ndipo njira yodalirika yofikirako ndi yapamadzi.

Dzinali linamvekanso kwathu kuno mu 2010, pomwe Bingu wa Mutharika ankatsegulira doko la Nsanje n'cholinga chakuti katundu azidzeranso ku Chinde. Bwato lonyamula feteleza lomwe ankaliyembekezera pamwambowo silinafike: boma la Mozambique linaliimitsa panjira, likuti payambe pachitika kafukufuku wa mmene sitima zingakhudzire mtsinje wa Zambezi.